Boti Lilibe Mabuleki

 Lero tikambirana za ntchito yomwe imangotenga mphindi ziwiri kapena zitatu pa ulendo wonse wa pamadzi, koma ndi pomwe matabwa amasweka, mapulopela amapindika, zala za anthu zimaphwanyika. Ndikunena za kukocheza boti la injini, kulifikitsa padoko kapena pagombe kuti liime pomwe mwafuna, anthu ndi katundu wawo atsike bwinobwino.

Mnyamata aliyense wa kunyanja, mutam'patsa injini m'mawa, pofika masana akhala akuthamanga nayo. Kukoka chingwe cholizira, kulowetsa giya, kupotokola mkono wa injini kuti moto uchuluke, zimenezi sizitenga tsiku. Pakati pa nyanja malo ndi ambiri. Nyanja yathu ya Malawi ndi yotalika makilomita oposa 550, ndipo pena imatambalala mpaka makilomita 75, choncho ukakhota molakwika palibe chomwe ugunde. Pagombe ndiye pali maboti a eni, mabwato, zingwe za anangula, miyala yobisala, ana akusambira, amayi akutsuka mbale. Mukafuna kudziwa ngati munthu amalidziwadi boti, musamuonere pakati pa nyanja. Mudikireni pofika.

Chinthu choyamba chomwe wophunzira ayenera kuchivomereza n'chakuti boti lilibe mabuleki. Ukachepetsa moto, likupitabe. Ukachotsa giya, likupitabe. Ngakhale uzimitse injini, likupitabe, mpaka madzi ndi mphepo zitalitopetsa. Ndipo mtunda womwe limayenda lokhalo umasintha. Boti lopanda kanthu limaima msanga, koma mphepo imalisewera mosavuta. Boti lomwelo mukalikweza matumba a chimanga, simenti, zigubu za mafuta ndi anthu khumi, limakhala ngati silikumva. Mumachotsa giya pomwe munachotsera dzulo, koma lero likupitirira, ndipo kulemera konseko kukukathera pathabwa limodzi lakutsogolo. Anthu ambiri amene anaswa boti padoko sanali kuthamanga mwa misala ayi. Anangoiwala kuti lero anyamula.

Pali rivesi, inde. Koma rivesi ndi yothandizira, osati yodalira. Injini zathu zambiri zopachika kumbuyozi, monga za Yamaha za mphamvu 15, 25 kapena 40 zomwe zadzaza m'magombe mwathu, zambiri mwa izo zothira petulo wosakaniza ndi oyilo, zili ndi khalidwe lozima pa nthawi yolakwika. Pulagi ikada, kapena injini ikamalira motsika kwambiri, mumangoti mulowetse rivesi, iyo n'kuti zii. Apo ndiye doko lili pamphuno, inu muli kalikiliki kukoka chingwe. N'chifukwa chake oyendetsa okhwima amayesa rivesi akadali patali, pamadzi opanda kanthu, kuti adziwe ngati ilipo lero. Ndipo amafika ndi liwiro loti ngakhale injini itazima, boti likangokhudza doko, osaligunda. Kumbukiraninso kuti injini zina zimafuna kuzikiya kuti zisadzuke. Mukalowetsa rivesi musanakiye, mwendo wa injini umanyamuka m'madzi, pulopela n'kumazungulira m'mwamba popanda chogwira.

Chachiwiri ndi ichi, ndipo apa ndi pomwe anthu ozolowera galimoto amasokonezeka: boti limakhota ndi kumbuyo. Taganizirani wilibala. Kuti tayala liloze kumanja, inu amene muli kumbuyo ndi amene mumasunthira kumanzere. Boti nalonso limatero. Injini imakankhira kumbuyo kwa boti mbali ina, mutu n'kuloza mbali inayo. Ndiye wophunzira amakhala maso ali kumutu, akusangalala kuti walambalala boti la mnzake, osadziwa kuti kumbuyo kwake kukupita kukalimenya. Pokhota pamalo opanikiza, muziyang'ana kumbuyo koposa kutsogolo. Ndipo pa injini ya mkono, mukakankhira mkonowo kumanzere boti limapita kumanja, mukaukokera kumanja limapita kumanzere. Aliyense amadziwa zimenezi pakamwa. Koma mantha akafika, dzanja limaiwala, n'kukankhira komwe maso akuyang'ana.

Palinso china chomwe chimadabwitsa ophunzira. Injini yopachika kumbuyo ilibe tsigiro lalikulu ngati la sitima. Chomwe chimakhotetsa boti ndi mphamvu ya pulopela. Mukachotsa giya, mkono uja umangotsala ndi mphamvu pang'ono, mutha kuupinda mpaka kumapeto boti n'kumangopita komwe limapita. Apa pali vuto: kuti musagunde muyenera kuchepetsa liwiro, koma mukachepetsa kwambiri boti limasiya kukumverani. Njira yake ndi kulowetsa giya pang'ono n'kuchotsa, kulowetsa n'kuchotsa, moto uli pansi penipeni. Ndipo dongosolo lake ndi lakuti muyambe mwalozetsa injini komwe mukufuna, kenako giya, osati giya kaye n'kumafunafuna kolowera. Sekondi imodzi kapena ziwiri zakwana. Mudikire muone chomwe boti lachita, kenako muwonjezere. Musasinthe giya injini ikulira mokweza, chifukwa magiya a m'mwendo wa injini amakukutika, ndipo mtengo wake eni maboti amaudziwa.

Tsopano tibwere ku mphepo, chifukwa panyanja yathu mphepo ndiyo bwana. Tili ndi mwera, wochokera kummwera chakum'mawa, womwe umavuta kwambiri m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ndipo a nthambi yoona za nyengo amachenjeza za iwo pawailesi pomwe pano. Tili ndi mpoto, womwe umabwera nthawi ya mvula. Tili ndi vuma, wochokera kum'mawa, yemwe amamenya magombe a mbali yathu ino maso ndi maso. Doko limodzi lomwelo limakhala ndi makhalidwe atatu malinga ndi mphepo yomwe yadzuka. Munthu amene anaphunzira kukocheza mu Okutobala tsiku la bata asadzitame kuti wadziwa. Adikire Julaye.

Musanalowe, imani patali muone. Palibe amene akukuthamangitsani. Onani komwe utsi wa pathandala lowambira nsomba ukupita. Onani zovala zoyanikidwa, masamba a mitengo, mbendera ngati ilipo. Koposa zonse onani maboti omwe ali panangula, chifukwa boti lomangidwa kumutu limaloza komwe mphepo ikuchokera. Amenewo akukuuzani kale njira yolowera. Lamulo lake ndi losavuta kulinena: ngati n'kotheka, lowani mutu wa boti utayang'anana ndi mphepo. Mphepo ikakhala kumaso imakuchepetserani liwiro, ndipo mutha kusiya giya ili m'kati nthawi yotalikirapo, boti n'kumakumveranibe. Ikakhala kumsana imakukankhirani padoko, ndipo chilichonse chomwe mungachite chimachedwa.

Tiyerekeze kuti pali doko lomangidwa, la matabwa kapena la simenti, ndipo mukufuna kuimika boti m'mbali mwake. Musalilunjike ngati mukufuna kuliboola, komanso musabwere mochita kulikhula kuchokera kutali. Bwerani mopendekera pang'ono, mutu ukuloza pamalo pomwe mukufuna kuti pakati pa boti pakakhale. Mukatsala mtunda wonga kutalika kwa boti lanu, kankhirani mkono wa injini kumbali ya doko, giya pang'ono. Mutu upatuka, kumbuyo kuyamba kuyandikira. Chotsani giya. Tsopano bwezerani mkono uja kumbali ya kunyanja, n'kulowetsa rivesi pang'ono. Rivesi imeneyo ichita ntchito ziwiri nthawi imodzi: iimitsa boti, komanso ikokera kumbuyo kwake kudoko. Mukazichita bwino, boti limangogona m'mbali mwa doko, munthu n'kutsika ndi chingwe mongoponda, osadumpha. Ndibwerezenso pang'onopang'ono chifukwa pawailesi palibe chojambula: popita kutsogolo, mkono kudoko. Pa rivesi, mkono kunyanja.

Mphepo ikamakankhira boti kudoko, ntchito imaoneka yophweka, ndipo n'zoona kuti mphepoyo imakugwirirani ganyu. Imikani boti moyang'anizana ndi malo anu, mutasiya mpata wa mita imodzi kapena mamita awiri, mphepo ikufikitsani yokha. Koma chenjerani, chifukwa mwera wamphamvu safikitsa, amamenyetsa, ndipo mafunde amapitiriza kulimenyetsa boti padoko nthawi yonse yomwe lili pamenepo. Matayala akale omwe timapachika m'mbali aja akhale atapachikidwa kale, pa msinkhu woyenera, osati kumawafunafuna pansi pa maukonde boti litafika. Ngati doko lili ndi mbali ziwiri, ine ndingasankhe mbali yobisika ku mphepo, ngakhale kulowa kwake kuli kovutirapo.

Kumbali yobisikayo mphepo imakukankhirani kunja, kukuchotsani padoko. Mukabwera mwaulesi, mutu wa boti, womwe ndi wopepuka komanso wotukuka, umauluzika musanafike. Apa muyenera kubwera molunjikirapo, ndi kamphamvu pang'ono, ndipo chingwe cha kumutu chimangidwe msanga. Chikangomangidwa, nkhondo yatha. Lozetsani pulopela kudoko, rivesi pang'ono, kumbuyo kubwera kokha. Anthu ambiri amalimbana ndi kukoka boti lolemera ndi manja pamene chingwe chimodzi ndi injini zikanawagwirira ntchitoyo.

Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za kukocheza boti laling'ono la injini. Ndipo ndikudziwa kuti ena a inu mukuti, madoko omangidwa mukunenawo ali kuti? Mukunena zoona. Madoko akuluakulu panyanja yathu ndi owerengeka: Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay, Chilumba. Kwina konseku, ku Senga Bay, ku Chembe, ku Makanjira, ku Usisya, doko lathu ndi mchenga. Ngakhale Ilala, sitima yomwe inapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda panyanja ino mu 1951, m'malo ambiri imaponya nangula patali, anthu ndi katundu n'kumatutidwa ndi maboti ang'onoang'ono. Choncho kwa ife kukocheza pamchenga ndiye nkhani yeniyeni.

Tsiku la bata, pamchenga mpophweka. Lunjikani gombe, chepetsani moto mukadali patali, ndipo muchepetse pang'onopang'ono. Mukadula moto mwadzidzidzi muli paliwiro, funde lomwe mwapanga nokha limakupezani kumbuyo, n'kukukankhani kapena kukuthirani madzi m'boti. Madzi akayamba kuchepa, zimitsani injini, idzutseni, boti lifike lokha kapena ndi nkhafi. Pali chizolowezi chomwe ndimadana nacho, ndipo ndinena mosabisa: anyamata ena amabwera ndi moto wonse kuti boti likwere pamchenga, anthu aone kuti kwabwera akatswiri. Umenewo si ukatswiri. Pansi pa boti pakukhulika. Pulopela ikutafuna mchenga ndi miyala. Injini imadziziziritsa ndi madzi omwe imayamwa pa mwendo wake, ndipo ikayamwa mchenga, kampira kopopa madzi kamadyeka, kamadzi kaja komwe kamatuluka kumbuyo kamasiya, injini n'kutentha. Zonsezi n'za ndalama, zimagulidwa. Koma pagombe pathu m'madzi mumakhala ana, ndipo mwana amene wamira kuti atole kanthu pansi saoneka kwa munthu wothamanga. Pulopela ikadula mwendo, palibe sitolo yogulako wina.

Mafunde akakhalapo, ngozi yaikulu ndi kupingasa. Funde likafika kumbuyo limanyamula boti, n'kulithamangitsa, ndipo likangolipeza litapendekera pang'ono limalitembenuza kuti ligone chopingasa. Funde lotsatira limalowa m'kati kapena kuligubuduza, pamadzi ofika m'chiuno, anthu akuona. Choncho kumbuyo kwa boti kuyang'anane ndi mafunde mosapendekera. Werengani mafunde muli kunja, chifukwa sabwera ofanana, pamabwera akuluakulu angapo kenako pamakhala kampata. Lowani pa kampatako, mukutsatira pamsana pa funde, osalipitirira. Mukangokhudza mchenga, anthu a kumutu atsike msanga ndi kulikokera kumtunda lisanatembenuke.

Mafunde akakula kwambiri, asodzi akale ali ndi njira ina yabwino koposa. Amaponya nangula kunja, komwe mafunde sanayambe kusweka, boti n'kutembenuka mutu kuloza kunyanja. Kenako amadzutsa injini n'kumamasula chingwe pang'onopang'ono, boti likubwerera chambuyo kugombe. Mutu, womwe unapangidwira kudula mafunde, ndi umene ukukumana nawo. Ndipo pochoka simuvutika, mumangodzikoka ndi chingwe chomwecho mpaka pakuya, n'kutsitsa injini. Koma njirayi imafuna chingwe chachitali. Nangula amagwira bwino chingwe chikagona, osati chikaima chilili, ndiye chitalike kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi kuya kwa madzi. Nangula wa zitsulo zowotcherera kapena mwala womangidwa pa kachingwe kafupi amangokhwekhwereka pamchenga nthawi yomwe mukumufunitsitsa.

Pali chinanso chomwe anthu a kunyanja amachidziwa koma alendo sachiganizira. Nyanja yathu sidzaza ndi kuphwa tsiku ndi tsiku monga nyanja ya mchere ku Beira, koma imakwera ndi kutsika pa chaka. Imadzaza mvula ikamatha, cha mu Epulo ndi Meyi, n'kutsika kufika cha mu Novembala ndi Disembala. Mwala womwe munaudutsa pamwamba mu Meyi ukhoza kukuthyolerani pulopela mu Novembala. Ndipo zaka zina madzi amapyola malire. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Madzi akatero amabisa zipupa, zitsa ndi mipanda pamalo pomwe kale panali pouma. Gombe lomwe mumalidziwa ngati khonde la nyumba yanu limasanduka lachilendo, ndipo muyenera kulifika ngati mlendo, munthu mmodzi ali kumutu akuyang'ana pansi.

A kumtsinje musaone ngati takuiwalani. Pa Shire, kaya ndi ku Mangochi, kaya ku Liwonde komwe maboti amanyamula alendo okaona mvuu ndi njovu, bwana si mphepo koma madzi oyenda. Lamulo ndi lomwe lija: fikani mutu utaloza komwe madzi akuchokera. Ngati mukutsika ndi mtsinje, pitirirani doko, mukatembenukire kumunsi, mubwere mokwera. Ubwino wa mtsinje ndi wakuti mukalinganiza moto ndi liwiro la madzi, boti limaima pamodzimodzi likukumveranibe, n'kumalisendeza cham'mbali mpaka kugombe. Chingwe cha kumutu chimayamba kumangidwa, ndipo chimamalizira kumasulidwa. Samalani ndi namasupuni, amene amakulunga pulopela pa nthawi yomwe mukufuna rivesi. Ndipo pa Shire musauze munthu kuti adumphire m'madzi akakoke boti pamalo pomwe simukupadziwa, ng'ona zilimo. Ku nyanja ya Chilwa, pa Kachulu pokwerera kupita ku chilumba cha Chisi, vuto ndi kusaya ndi matope, ndipo kumeneko nsungwi yokankhira imaposa injini pofika.

Kuyandikira sitima yaikulu ngati Ilala ndi phunziro lakelake. Pitani kumbali yobisika ku mphepo, talikirani kumbuyo kwake komwe kuli mapulopela, ndipo dikirani amalinyero akukodoleni. Boti lanu likukwera ndi kutsika ndi mafunde pamene sitima yangokhala, ndiye dzanja kapena phazi lopezeka pakati pa ziwirizi limaphwanyika.

Zimenezi zikundifikitsa kwa inu apaulendo, chifukwa ngozi zina za padoko amayambitsa si woyendetsa. Boti likangoyandikira, aliyense amaimirira nthawi imodzi, wina akufuna thumba lake, wina akukodola abale kumtunda, onse akukhamukira mbali imodzi. Woyendetsa ali kumbuyo, ndiye mwamutsekera maso, komanso mwapendeketsa boti pa nthawi yomwe likufunika kukhazikika. Khalani pansi mpaka atakuuzani. Manja akhale m'kati, musagwire m'mphepete mwa boti pomwe pakukakhudza doko. Ndipo inu achimwene amphamvu amene mumatambasula mwendo kuti muimitse boti lisagunde, lekani. Boti lodzaza limalemera kuposa tani imodzi. Thabwa likasweka, mmisiri alipo pagombe pomwepo. Jekete yoyandamitsa ija musaivule poona mtunda, muivule mutaponda mtunda.

Wogwira chingwe nayenso aphunzitsidwe. Chingwe chikhale chokulungidwa bwino, mbali imodzi itamangidwa kale kuboti, chifukwa zimachitika ndithu kuti munthu amaponya chingwe chonse kumtunda, boti n'kutsala lopanda chomangira. Chisalendewere m'madzi, pulopela ingachimeze injini n'kuzima. Akatsika asalimbane ndi boti ndi manja okha, ndipo asachikulunge padzanja. Achizungulize kawiri pachipilala kapena pamtengo, apo mwana yemwe atha kuligwira boti lolemera. Mfundo ikhale yogwira koma yomasulika msanga ngakhale itanyowa. Pamalo a mafunde musamange mothinitsa, lisiyireni boti mpata wovina. Ndipo woyendetsa asazimitse injini padoko chingwe chisanamangidwe. Kachingwe kofiira kozimitsira injini kaja, komwe ambiri amangokakulunga pamkono wa injini ngati chokongoletsa, malo ake ndi padzanja kapena pamwendo wa woyendetsa, kuti akagwera m'madzi injini izime.

Koma omvera, pa zonse zomwe ndanenazi, chomwe chimaswa maboti ambiri sindinachitchule. Ndi manyazi. Pagombe sipasowa anthu. Pali ogula nsomba, osoka maukonde, anyamata ongokhala, ndipo aliyense wa iwo ndi mphunzitsi wa kukocheza. Wophunzira akubwera, waona yekha kuti walowa molakwika, mphepo yam'tenga, liwiro lachuluka. Nzeru ikumuuza kuti bwerera, kazungulire, uyambirenso. Koma kumtunda kwayamba kale mluzu ndi kuseka, wina akuti kumanja, wina akuti kumanzere, mwini boti akukalipa. Ndiye mnyamata uja amalimba mtima molakwika, n'kukakamiza, n'kuwonjezera moto pomwe pamafunika kuchotsa. Akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna. Kubwerera n'kuyambiranso kumangodya kapu imodzi ya petulo. Oyendetsa masitima akuluakulu amene anaphunzira ntchitoyi kusukulu amabwerera akaona kuti sizili bwino, ndipo palibe amawaseka. Ine ndikaona woyendetsa wabwerera kukayambiranso, ameneyo ndiye ndingakwere boti lake ndi ana anga.

Ndiye musanalowe, dziwiranitu kothawira. Dzifunseni kuti zikavuta ndituluka bwanji, chambuyo kapena mokhotera kuti? Uzanitu anzanu m'botimo chomwe mukufuna kuchita, ndani agwire chingwe, atsikire mbali iti. Ndipo m'boti mulankhule munthu mmodzi. Ena onse, ngakhale bwana mwini boti, asunge malangizo awo mpaka chingwe chitamangidwa.

Nanga munthu angaphunzire bwanji popanda kuswa boti la eni? Osayambira padoko. Tengani chigubu chopanda kanthu, chimangireni chingwe ndi mwala, mukachiponye pamadzi opanda anthu tsiku la bata. Chimenecho ndiye doko lanu. Chifikeni kuchokera kumpoto, kummwera, kuchokera kunyanja, kuchokera kumtunda, ndipo nthawi iliyonse muimitse boti chigubu chili pambali panu, poti mutha kuchigwira ndi dzanja osachigunda. Chotsani giya muone kuti boti likuyenda mtunda wotani lisanaime. Kwezani anzanu asanu muyesenso, muona kusiyana. Zimitsani injini dala, mumalize ndi nkhafi, chifukwa tsiku lina idzazima yokha osakufunsani. Yendani chambuyo mozungulira chigubucho mpaka dzanja lizolowere. Mukatha apo, bwerezani zonsezi kamphepo katadzuka. Chigubu sichisweka ndipo sichiseka munthu.

Masukulu alipo. Ku Monkey Bay kuli koleji yophunzitsa za ntchito za pamadzi, ku Mpwepwe m'boma la Mangochi kuli koleji ya za usodzi, ndipo boma lili ndi nthambi yoona za maulendo a pamadzi yomwe imayendera maboti ndi kupereka ziphaso. Amene akufuna kunyamula anthu apite akafunse zofunika kumeneko. Koma tisanamizane, anyamata ambiri amene akugwira injini m'magombe mwathu sadzaponda m'kalasi. Sukulu yawo ndi mwini boti ndi woyendetsa wamkulu. Ndipo sukulu imeneyi ili ndi chilema chimodzi: wophunzira amapatsidwa mkono wa injini pakati pa nyanja, koma gombe likangoyandikira wamkulu uja amati tasuntha, n'kulanda. Chaka chimatha mnyamata asanakochezepo ngakhale kamodzi. Tsiku lomwe wamkuluyo wadwala malungo, mnyamata yemweyo ndi amene amatumidwa ndi boti lodzaza anthu, mwera ukuwomba.

Choncho pempho langa likupita kwa inu eni maboti ndi inu a makomiti a m'magombe. Patulani malita angapo a petulo ndi m'mawa umodzi pa sabata, boti lili lopanda katundu, mnyamata akocheze yekha kakhumi inu mutakhala pambali pake osakalipa. Musam'patse anthu oti anyamule musanamuone ndi maso anu akukocheza pa mwera, akubwerera pomwe pafunika kubwerera. Ikani malire pagombe, kuti apa ndi polowera maboti, apo ndi posambira ana. Ndipo inu amene mumakhala pamchenga kuonerera, wophunzira akabwerera kukayambiranso, sungani mluzu wanuwo, dzukani mukamulandire chingwe.